Inveta ikalira n'kuthima yokha, musaidumphe

 Lero sitikamba za phala la mwana kapena za tsiku la sikelo. Tikamba za kabokosi kamene kali pakona m'nyumba zambiri masiku ano, kamene kamalira tii, tii, tii usiku, kenako magetsi n'kuthima.

Mwina mukudabwa kuti namwino za sola zamuyambira pati. Matenda ambiri amatipeza usiku. Mwana amatentha thupi usiku, mayi woyembekezera matenda amamuyamba usiku, ndipo nthawi imeneyo mumafuna kuwala ndi foni yokhala ndi moto yoti muitanire wa kabaza. Chinanso, batire limene limatipatsa kuwalako lili ndi asidi ndi mtovu mkati mwake, ndipo limakhala m'nyumba momwe ana akukwawa.

Midzi yambiri kwathu kuno nthambo za ESCOM sizinafike. Tikagulitsa fodya kapena soya, kapena tikagawana za banki m'khonde, timagula panelo, batire ndi inveta. Kwa anzathu a ku Kasakula m'boma la Ntchisi, bungwe la SolarAid laika magetsi a dzuwa m'nyumba zambiri. Koloboyi ndi utsi wake zikuchoka, ana akuwerenga usiku. Koma amene tinagula zipangizo payekhapayekha kumsika, pakangotha miyezi ingapo dandaulo limayamba: "Inveta yafa." Nthawi zambiri imakhala isanafe. Imakhala ikugwira ntchito imene anaipangira.

CHIMENE INVETA IKUNENA

Batire lathu limasunga magetsi a 12 volts. Inveta imawasandutsa kukhala 230 volts, ofanana ndi a ESCOM, kuti TV ndi zotchajira mafoni zigwire ntchito. Mkati mwake muli mlonda woyang'anira batire. Mphamvu ya batire ikatsika kufika cha pa 11 volts, inveta imayamba kulira. Ikafika cha pa 10.5, imathimitsa zonse. Ikakwera kupitirira cha pa 15, imathimanso. Ngati makina anu ndi a mabatire awiri a 24 volts, manambala onsewa muwachulukitse kawiri.

Imatero chifukwa batire la mtovu likamakamidwa mpaka kuuma, mbale zake zamkati zimachita chikhungwa choyera cholimba chimene sichisungunukanso. Batire loti likanatha zaka zitatu kapena kuposerapo limafa chaka chisanathe.

Kuchipatala mwana akabwera atatentha thupi sitimangomupatsa panado n'kumubweza. Timamuyeza malungo, timamva chifuwa, timafunsa kuti zayamba liti. Kutentha thupi ndi uthenga chabe, matenda enieni ali mkati. Kulira kwa inveta n'chimodzimodzi. Galu wamkota sakandira pachabe. Ndiye funso loyamba ndi lomwe ife timafunsa amayi pamzere: zimayamba nthawi yanji?

IKAMALIRA USIKU KAPENA M'BANDAKUCHA

Apa batire likutha msanga kuposa m'mene likudzadzira. Tiyeni tiwerengere limodzi.

Batire lolembedwa 100Ah limasunga mphamvu pafupifupi 1,200 Wh. Yuniti imodzi ya ESCOM ndi 1,000 Wh, ndiye muone kuti si zambiri. Komanso batire la mtovu siliyenera kutsika kupitirira theka. Zanu zenizeni ndi 600 Wh pa tsiku.

Mababu anayi a mawati 5 akayaka maola asanu adya 100. TV ndi dikoda za mawati 60 zikayaka maola anayi zadya 240. Mafoni anayi adya pafupifupi 50. Tafika pa 390, ndipo zikuoneka ngati zikukwana. Koma pali wakudya wina amene sitimuwerengera: inveta yeniyeniyo. Ikangoyaka, ngakhale musalumikizeko kanthu, imadya. Ngati yanu imadya mawati 15 ndipo imakhala yoyaka usana ndi usiku, yatenga 360. Zonse pamodzi ndi 750.

Tsopano taonani zolowa. Panelo ya mawati 100, tsiku la dzuwa labwino, imabweretsa cha pa 400 Wh. Mukutapa 750, mukubweza 400. Batire limagona ndi ngongole tsiku lililonse, ndipo ngongole yake imakula ngati ya katapila.

Choyamba kuchita sichilira ndalama: muzithimitsa inveta pamene palibe chikugwira ntchito. Mafoni muziwatchaja masana dzuwa lili pamutu. Ikalira n'kuthima, musamaiyatsenso mobwerezabwereza kuti mumalize mpira kapena sewero. Ipumuleni, ndipo batire mulipatse masiku awiri kapena atatu a dzuwa mukuyatsa mababu okha kuti lidzadze bwinobwino.

Kenako kwerani muone panelo. Ife tili kummwera kwa dziko lapansi, choncho panelo iyang'ane kumpoto, yopendekeka pang'ono kuti mvula izitsuka. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala, zitosi za mbalame, ndi mthunzi wa nthambi imodzi ya mango zimachepetsa magetsi kwambiri. Itsukeni m'mawa isanatenthe, ndi madzi oyera ndi kansalu kofewa. Mu Januwale ndi Febuluwale mitambo imachuluka, ndipo mu Juni ndi Julayi kumapiri kwathu kuno nkhungu imachedwa kuchoka. Miyezi imeneyi chepetsani maola a TV inveta isanakuuzeni.

Ngati pali kamita koyezera magetsi, kapena reguleta yanu imaonetsa manambala, yezani batire m'mamawa dzuwa lisanatuluke, litapuma ola limodzi kapena awiri popanda choyaka. Likaonetsa 12.7 ndi lodzadza. Pa 12.2 lili pa theka. Pansi pa 12 latsala pang'ono kuuma. Ngati latchajidwa tsiku lonse koma likuonetsabe cha pa 10.5, chipinda chimodzi mwa zisanu ndi chimodzi zamkati mwake chafa. Batire lokalamba limadziwikanso motere: m'mawa limaoneka ngati ladzadza msangamsanga, madzulo n'kutha msangamsanga.

Batire la galimoto analipangira kulizira injini kwa kamphindi. Silipirira kutapidwa usiku uliwonse, ndipo pa sola limafa msanga. Funsani lolembedwa "deep cycle". Musaphatikizenso batire latsopano ndi lakale, chifukwa lakalelo limakokera latsopano pansi.

IKALIRA MUKANGOYATSA CHINTHU

Batire likhoza kukhala lodzadza, koma mukangolumikiza simbi, ketulo kapena filiji, inveta n'kukuwa. Simbi ya mawati 1,000 imakoka ma amps opitirira 80 kuchokera ku batire la 12 volts. Ketulo imaposa pamenepo. Filiji nayo podzuka imakoka kangapo kuposa mmene imakokera ikamayenda. Batire limodzi la panyumba silingasenze zimenezi. Malaya a sukulu asitidwe ndi simbi ya makala.

Koma ngati ikulira ndi TV yokha, yang'anani mawaya a pakati pa batire ndi inveta. Apa ndi pamene ndaona vuto kawirikawiri. Waya woonda, wautali, kapena womangidwa ndi zopanira zogwedera amataya mphamvu panjira. Batire limakhala ndi 12.4, koma ku inveta kukufika 10.8, ndipo inveta imaganiza kuti batire latha. TV ikayaka mphindi khumi, gwirani chikopa cha wayayo. Ngati wafunda, ndi woonda kapena penapake sanamange. Inveta yaikulu imafuna waya wamfupi, wonenepa ngati chala chaching'ono, womangidwa ndi mabawuti.

Chaka china ndinapita kumudzi kukaona mlamu wanga ali m'chikuta, mwana ali ndi masabata awiri. Inveta ya amayi inkalira ikangokwana 9 koloko, ndipo mlamu ankayamwitsa ndi kusintha matewera mumdima. Atsibweni anabwera ndi nzeru yawo.

"Chimenechi n'chaulesi, mwana wanga. Chotsani, mugule mababu a batire, mumange ku batire komweko. Kwathu timatero, ndipo sathima."

"Atsibweni, sathimadi," ndinawayankha. "Nanga batire lanu ndi lachingati?"

Anaseka, n'kuvomera kuti linali lachitatu.

M'mawa mwake tinayang'ana ndi mchimwene wanga. Pamitu pa batire panali ufa woyera wosakanikirana ndi wobiriwira, chopanira chimodzi chinkagwedera, ndipo inveta inkakhala yoyaka tsiku lonse anthu ali kumunda. Tinatsuka mituyo, tinamanga ndi mabawuti, ndipo amayi anayamba kuithimitsa akamatuluka. Mababu a batire tinagula ndithu, awiri, chifukwa amayaka popanda inveta. Koma tinawalumikiza pa reguleta, pamalo pamene pali chithunzi cha babu, chifukwa pamenepo palinso mlonda wothimitsa batire lisanaume. Mlamu anapeza kuwala mpaka m'mawa.

Potsuka mitu ya batire tsatirani ndondomeko iyi. Thimitsani inveta. Chotsani waya wa panelo ku reguleta, kenako waya wakuda wa ku batire, kenako wofiira. Vulani mphete ndi zibangili. Sipanala ikakhudza mitu yonse iwiri nthawi imodzi imathetheka n'kupsa ngati yowotcherera. Sungunulani supuni ya soda wophikira therere mu kapu ya madzi, tsukani mituyo ndi mswachi wakale, koma madzi a sodawo asalowe mkati mwa batire. Pukutani, mangani, pakani mafuta odzola pang'ono pamwamba. Pobwezera, yambani ndi batire, panelo ibwere pomaliza. Mukatha sambani m'manja ndi sopo musanagwire mwana kapena chakudya.

IKAMALIRA MASANA DZUWA LIKUSWA MTENGO

Uku ndiye kulira koopsa kwambiri. Magetsi akulowa m'batire mopyola muyezo. Potchaja, batire la mtovu limafika cha pa 14.4, kenako reguleta imatsitsa kufika cha pa 13.7. Panelo yokha, popanda reguleta, imatulutsa 18 volts ndi kuposerapo. Amene anachotsa reguleta kuti batire lizidzadza msanga akuliwiritsa.

Batire likamawira limatulutsa mpweya wa hydrogen. Suoneka, sununkha, koma umaphulika ukakumana ndi kamoto kakang'ono. Mukamva fungo ngati la dzira lovunda, batire likatentha, likatupa m'mbali, kapena likamabwata kwambiri, tulutsani ana, tsegulani zitseko ndi mawindo, fundikani panelo ndi bulangete kuti isiye kutchaja. Pasayandikire kandulo, mbaula, machesi kapena munthu wosuta fodya. Musatukule mawaya pamitu pa batire mpaka mpweya utatuluka ndipo batire litazizira.

Pachifukwa chomwechi batire lisakhale kuchipinda chogona, pansi pa bedi, kapena m'kabati yotseka. Likhale pamalo opita mphepo, pamthunzi, pathabwa, pamene mwana sangafike. Kutentha kumalikalambitsa msanga.

Ngati lanu ndi lokhala ndi zotsekera pamwamba, yang'anani madzi mwezi uliwonse. Mbale zisaonekere. Onjezerani madzi a batire ogula okha. Madzi a pamjigo ali ndi mchere umene umaononga mbale. Asidi musawonjezere, chifukwa chimene chimauluka ndi madzi, asidi amatsala momwemo.

Inveta imathimanso ikatenthedwa. Amayi timakonda kufundika zinthu zathu ndi kansalu koluka kuti zisade, koma inveta imafuna kupuma. Chotsani kansaluko, ichotseni pafupi ndi malata, ndipo muone ngati timabowo take sitinatsekeke ndi fumbi, mphemvu kapena dothi la mavu.

Ma inveta akuluakulu amaonetsa nambala ya vuto. Pa mitundu ina yofala, 02 ndi kutentha, 03 ndi magetsi a batire okwera, 04 ndi otsika, 07 ndi katundu wochuluka. Manambala amasiyana malinga ndi opanga, choncho kabuku kamene kanabwera m'katoni musakayatsire moto.

MABATIRE A LITHIUM

Ena mwayamba kugula mabatire opepuka a lithium. Amenewa ali ndi mlonda wawo mkati, wotchedwa BMS. Batire likatsika kwambiri, likakokedwa mopyola, kapena likatentha, mlondayu amatseka chipata. Mita ikhoza kuonetsa ziro ngati lafa, pamene langodzitsekera. Chotsani zonse zolumikizidwa, lisiyeni lizitchajidwa ndi panelo kudzera pa reguleta imene yaikidwa pa mtundu wa lithium, ndipo nthawi zambiri limadzuka. Likakana, bwererani nalo kumene munagula. Musalole munthu kulitsegula kuti achotse BMS. Likatupa kapena kutulutsa utsi, tulukani nonse m'nyumba, utsi wake musaupume.

ZIMENE MUSALOLE KUCHITIKA M'NYUMBA MWANU

Kudumpha mlonda kuli ndi njira zinayi zimene ndimaziona: kumanga zinthu ku batire mwachindunji, kuchotsa reguleta, kumanga waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya pamalo pa fyuzi yopsa, ndi kutsitsa nambala yothimira kuti inveta isamalire. Zonsezi zimapatsa kuwala lero, n'kukulandani batire mawa. Za fyuzi ndiye zoopsa koposa. Khoswe akatafuna mawaya n'kugundana popanda fyuzi, waya amafiira ngati khala, ndipo denga la udzu silidikira. Fyuzi ikhale pafupi ndi mutu wofiira wa batire. Ikapsa, pezani chimene yapsera, n'kuikapo ina yofanana nayo.

Moto ukayamba pamawaya, thirani mchenga kapena dothi louma. Musathire madzi magetsi akadali oyaka. Kumbukiraninso kuti 230 volts ya inveta imapha ngati ya ESCOM. Munthu akagwidwa ndi magetsi, musamugwire ndi manja. Thimitsani inveta, kapena mukankheni ndi mtengo wouma, ndipo mupite naye kuchipatala ngakhale akuoneka bwino, chifukwa magetsi amasokoneza kagundidwe ka mtima.

ASIDI AKAGWERA MUNTHU

Ndinalandirapo kamwana ka zaka zitatu kamene kanamwa asidi wa batire. Anamusunga m'botolo la zakumwa, pansi pa tebulo. Milomo ndi kukhosi zinapsa, ndipo kwa masabata angapo kumeza ngakhale phala kunali kulira. Asidi asasungidwe panyumba, makamaka m'botolo limene mwana amalidziwa kuti ndi la zotsekemera.

Asidi akalowa m'maso, tsukani nthawi yomweyo ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 20, diso lili lotsegula, madzi akuyenderera kuchoka chakumphuno kupita kunja kuti asalowe m'diso linalo. Akagwera pakhungu, vulani chovalacho, thirani madzi kwa mphindi 20. Musapake mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira kapena zitsamba. Mwana akamwa, musamusanzitse, chifukwa asidi amawotchanso pobwerera. Muchukuchitseni m'kamwa ndi madzi, ndipo nyamukani. Pitani ku chipatala cha Dzoole, cha Mponela, cha Mtengowanthenga kapena chachikulu cha Dowa, chimene chili pafupi nanu, ndipo mukawauze kuti ndi asidi wa batire.

BATIRE LIKAFA

Batire lililonse limafa tsiku lina. Koma likamafa msanga chifukwa chodumpha mlonda, mabatire akufa amachuluka m'makomo mwathu, ndipo lililonse lili ndi makilogalamu angapo a mtovu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene umadziwika kuti ndi wosaopsa. Mtovu umaononga ubongo wa mwana amene akukula, umachepetsa magazi, ndipo kwa mayi woyembekezera umadutsa n'kukafika kwa mwana wa m'mimba. Kuipa kwake n'kwakuti mwana saoneka wodwala. Mumadzangoona akuvutika kugwira za kusukulu, ndipo zimene mtovu waononga mu ubongo sizibwerera.

Choncho batire lakufa musaliswe. Musakhuthule asidi wake pabwalo kapena pafupi ndi chitsime. Chigoba chake chisakhale chomwera nkhuku kapena chotungira madzi. Ana asaseweretse mbale zake. Amene amasungunula mtovu kuti akonze mabatire akale asachitire zimenezo pakhomo panu, ndipo zovala zawo za ntchito zisachapidwe pamodzi ndi za ana. Lisungeni lotseka, loimirira, kutali ndi ana, mpaka mutalibweza kwa ogulitsa kapena kulipereka lathunthu kwa ogula mabatire akale.

NTHAWI YOITANA KATSWIRI

Mukatsuka panelo, kumanga mawaya, kuchepetsa katundu ndi kulipatsa batire masiku atatu a dzuwa, koma inveta ikulirabe, itanani wodziwa ntchito. Muitaneninso mukamva fungo la kupsa, fyuzi ikapsa kawiri, kapena reguleta ikamaonetsa manambala opitirira 15. Bungwe la MERA ndi limene limapereka ziphaso kwa amisiri a magetsi, ndipo si mwano kufunsa chiphasocho. Mmisiri wabwino amayeza kaye asanakuuzeni kuti mugule chatsopano. Amene walowa n'kunena kuti "tingochotsa aka kuti kasamalire", mupatseni madzi akumwa, n'kumuperekeza. Ngati makina anu ndi olipira pang'onopang'ono pafoni, musawatsegule, imbirani kampani imene inakuikirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pomaliza, amayi oyembekezera, amayi a makanda, ndi inu amene mukusamala odwala mphumu, khunyu kapena agogo panyumba: pakhale lamulo loti TV izithima batire likadali ndi mphamvu. Musadikire kuti inveta ilire. Foni imodzi igone yodzadza, yosaseweretsa. Katochi ka sola kakhale pachokha pafupi ndi mphasa kapena bedi, kosadalira batire lalikulu. Nambala ya wa kabaza ndi ya mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu zilembedwenso papepala, kuseri kwa chitseko.

Awerengereniko abambo a kunyumba ndi anyamata amene amakonda kugwira mawaya.